Alamu Anga a Phulusa Atsika pa Galimoto

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ndi ozimitsa moto. Kuntchito amawatchula a Phulusa, chifukwa imvi zinawayamba asanakwatire n'komwe, ndipo ngakhale asambe ndi sopo wonunkhira bwanji amaonekabe ngati angotuluka kumene m'ng'anjo. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi achemwali okha, nawonso amalitchula akakwiya basi.

Ine ndimasoka pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi geti la ozimitsa motowo. Makina anga anayang'ana kumsewu, ndiye maso ndiwaike kuti? Komanso maovolosi awo akang'ambika amabwera nawo kwa ine, ndipo mwamuna amene wakhala pabenchi kudikira chigamba cha pamatako sabisa mawu.

Ntchitoyi alamu anailowa ngati mmene munthu amagwera m'dzenje. Anapita kukafuna ya ulonda, n'kupeza mzere wa anyamata, iwo n'kuima pomwepo poyesa kuti ndi womwewo. Atawauza kuti thamangani mutanyamula mnzanu paphewa, anathamanga. Atawauza kuti kwerani makwerero, anakwera osayang'ana pansi. Anawalemba. Kuyambira tsikulo malo awo akhala amodzi: pa galimoto yofiira ija, mpando wakumbuyo kwa dalaiva, ndipo pamoto, kutsogolo kwa paipi.

Osadziwa amayesa kuzimitsa moto ndi kuima panja n'kumawaza madzi ngati ukuthirira maluwa. Si choncho. Amalowa m'kati awiriawiri. Wakutsogolo amagwira kukamwa kwa paipi, wakumbuyo amakoka paipiyo n'kumayang'ana denga. Mu utsimo suona ngakhale dzanja lako. Panja pamatsala kapitawo ndi dalaiva, ndipo dalaivayo ndi amene amayang'anira pampu yotumiza madzi. Malamulo awo ndi ambiri, koma aakulu ndi awiri. Loyamba, kapitawo akaona kuti nyumba ikufuna kugwa, dalaiva amaliza hutala ya galimoto mosalekeza, ndipo amene uli m'kati umaponya paipi pansi n'kutuluka, osafunsa. Lachiwiri ndi la dalaiva: usatseke madzi munthu ali m'kati. Pakati pa munthuyo ndi moto pali madziwo basi.

Zimene alamu aona m'nyumba zopsazo, musavutike kuwafunsa. Achemwali anayesa zaka zoyambirira.

“Kunali bwanji kuntchito, bambo a ana?”

“Kunali moto.”

“Ndiye?”

“Tinazimitsa.”

Akatero amakhala pampando wapakhonde, mapazi m'beseni, kuyang'ana khoma la aneba mpaka madzi atazizira. Ana anakula akudziwa kuti adadi akakhala choncho suwapempha ngakhale pensulo. Tsiku lina achemwali akuchapa anapeza kansapato ka mwana m'thumba la ovolosi, kamodzi kokha, kosungunuka mbali imodzi. Anakaika pawindo. M'mawa mwake kanalibe. Palibe anafunsa mnzake, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Makutu anayamba kuwathera pang'onopang'ono. Zaka zonsezo ali pafupi ndi pampu ndi kulira kwa galimoto, kenako botolo la gasi linawaphulikira pambali m'khitchini ya lesitilanti ina. Anatulukamo akuyenda okha, anthu n'kuwaombera m'manja, koma iwo anangoona manja akuombedwa, osamva kanthu. Woyamba kuzindikira anali achemwali, pakuti mkazi akamalalata n'kuona mwamuna akumwetulira mwaulemu amadziwa kuti china chake chawonongeka.

“Pitani kuchipatala,” anawakuwira m'khutu.

“Ndikapita, adokotala akauza bwana. Gonthi sakwera galimoto.”

“Ndiye mutsike, vuto lili pati?”

“Ndikatsika ndikhala ndani? Mwamuna wako basi?”

“Ndiye n'chaching'ono chimenecho?”

Kaya sanamve, kaya anamva, ndi alamu anga sungadziwe.

Kuntchito nako anazindikira. Mnzawo wakumbuyo kwa paipi, amene alowa naye m'moto kuyambira onse ali ndi chiuno, ndi a Wailesi. Bambo amenewo amayamba kulankhula akutsika minibasi ndipo amasiya akagona, ngakhale akazi awo amati ndi bodza, sasiya. Anthu amati ubwenzi wa awiriwa unakhalitsa chifukwa wina satseka pakamwa pomwe winayo samva. A Wailesi ndiwo anayamba, ena n'kutengera. Belu likalira, amene ali pafupi ndi alamu amawagunda ndi chigongono podutsa, ngati mwangozi. Kapitawo akamapereka malangizo, a Wailesi amaima poti alamu awaone n'kumabwereza zonse ndi manja, ngati akumunyogodola kapitawoyo. M'kati mwa utsi hutala ikalira, amawagogoda pachipewa. Ngakhale adokotala atabwera kudzayeza anthu, n'kuima kumbuyo kwa alamu kumatchula mawu monong'ona, a Wailesi anali pawindo ndi chiguduli, akupukuta galasi loyera kale, milomo ikugwira ntchito. Alamu anakhoza bwino kuposa anyamata.

Koma mvetsani apa. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchulapo ndi pakamwa kuti a Phulusa samva. Ngakhale iwo okhaokha pakati pawo. Ozimitsa moto ali choncho. Wina akayamba kuopa pamwamba, amangopezeka kuti nthawi zonse ndi amene akugwira makwerero pansi. Wina manja akamanjenjemera m'mawa, amamutuma kukaphika tiyi. Chilema cha mnzako umachinyamula, suchitchula, chifukwa chikangotchulidwa chafika kale ku ofesi. Ine ndinayesapo tsiku lina a Wailesi atabweretsa thalauza.

“Kodi alamu anga aja, makutu aja...”

“Makutu atani, a Telala? Ali nawo awiri, aakulu ngati mbale. Sokani thalauza, mphepo ikundilowa.”

Zinayenda choncho zaka ndithu. Kapitawo wakale, amene ankadziwa mosadziwa, anapuma pa ntchito. Kunabwera watsopano, munthu wabwinobwino, wopatsa moni ngakhale kwa ine, koma woyenda ndi malamulo. Iyeyu sanauzidwe kanthu, ndipo gulu lonse linangowonjezera zigongono.

Chimene chinawagwetsa ndi dzino. A Wailesi anadzuka tsaya litatupa ngati abisamo mpira, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anafika pa geti ali chete. Kapitawo anawathamangitsira kokazula. M'malo mwawo anaitana mkulu wina wa gulu lina, amene amamutchula a Ndevu, munthu wodziwa ntchito yake, wosachedwa, wosatsutsa lamulo. A Dalaiva anayesa kuti a Wailesi amunong'oneza asanapite. A Wailesi, thonje lili m'kamwa, anayesa kuti a Dalaiva amuuza. Enawo aliyense anayesa mnzake. Komanso ukanayamba bwanji kuuza mlendo chinthu chimene iwe mwini sunachitchulepo?

Belu linalira dzuwa lili pamutu. Ndinawaona akutuluka, alamu ali pampando wawo, akumanga lamba wa chipewa, nkhope ngati munthu amene akupita kukagula mchere. Kumotoko sindinaliko, koma ndamva kwa anthu angapo ndipo bodza la aliyense ndalichotsa.

Inali nyumba yaikulu yosungiramo matiresi ndi mipando, ya denga la malata. Matiresi akamapsa utsi wake ndi wakuda bii, ndipo amasungunuka n'kumayenda pansi ngati phula. Alamu analowa kutsogolo, a Ndevu kumbuyo. Analimbana nawo kanthawi. Kenako kapitawo anaona malata akupindika pakati, n'kukweza dzanja. A Dalaiva analiza hutala.

A Ndevu anachita zimene anaphunzitsidwa. Anaponya paipi, n'kutembenuka, n'kukwawa mpaka pakhomo. Atafika panja anavula chophimba kumaso n'kuyang'ana kumbuyo. Kunalibe munthu.

“Mnzanu ali kuti?” anafunsa kapitawo.

“Anali patsogolo panga, bwana. Ndimayesa akunditsata.”

Onse anayang'ana paipi. Inali yolimba gwa, ikugwedezeka pang'ono pakhomopo. Munthu anali akuthirabe madzi m'katimo, mwakhama, ngati palibe chachitika. A Ndevu anafuna kubwereramo, kapitawo anawagwira malaya.

“Salowanso munthu! A Dalaiva, lizani!”

A Dalaiva anali atagonera kale pa hutalapo. Anthu oonerera anatseka makutu, agalu a dera lonselo anayamba kulira. Koma a Dalaiva ankadziwa kuti akuimbira mwala. Anasiya hutala, anatsika, anathamangira kumbali kwa galimoto kumene kuli pampu, n'kutseka madzi.

“Mukutani? Mwapenga? Muli munthu mmenemo!”

A Dalaiva anaima chogwira chotsekeracho ndi manja awiri, kapitawo akuwakoka, iwo osasiya. Paipi inaphwa n'kugona pansi ngati njoka yopondedwa ndi lole. Amati panadutsa nthawi yochepa, koma a Dalaiva anandiuza kuti ndi pomwepo pamene anakalambira.

Kenako pakhomo panatuluka chipewa, chapansipansi. Alamu anatuluka akukwawa, akutsata paipi yakufayo ndi dzanja, malaya akufuka utsi. Anaimirira, anavula chophimba kumaso, anaponya chipewa pansi, n'kulunjika kwa a Dalaiva. Munthu amene kwawo amalankhula mawu osakwana dzanja pa tsiku anawagwira pakolala n'kukuwa msewu wonse kumva.

“Galu iwe! Ukunditsekera madzi ine? Ine? Ukufuna ukadye chiyani pamaliro anga?”

Akadali pakolalapo, denga linagwa kumbuyo kwawo. Chiphokoso chake amati chinamveka mpaka kokwerera mabasi. Aliyense anadumpha, ena anagwa, mayi wina anataya dengu. Alamu okha anali akugwedezabe a Dalaiva. Anatembenuka mochedwa, ataona nkhope za anzawo ndi fumbi likuwadutsa. Anayang'ana pamene panali khomo paja. Anasiya kolala, anatola chipewa chawo, n'kupita kukathandiza kukoka paipi ina. Kapitawo anaona zonsezi.

M'mawa mwake anayamba kuwaitanira mu ofesi mmodzimmodzi. Mlandu unali pa a Dalaiva, pakuti kutseka madzi munthu ali m'kati ndi mlandu wochotsetsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo bambowo anali atatsala pang'ono kupuma mwaulemu.

“Munatsekeranji madzi?”

“Dzanja linaterereka, bwana.”

“Manja onse awiri? Ine ndikukukokani?”

“Anaterereka kwambiri, bwana.”

Enawo ndiye musanene. Wina amayang'ana kumbali. Wina utsi unamulowa m'maso. Wina anali akumanga chingwe cha jombo, chonsecho jombo zawo zilibe zingwe. A Ndevu okha ndiwo ananena zoona, chifukwa sankadziwa kanthu. Kapitawo anawasonkhanitsa pabwalo n'kunena mosakweza mawu kuti iye sangalembe zimene sanauzidwe. Ngati palibe chifukwa china, ndiye kuti a Dalaiva anafuna kupha munthu, ndipo pofika mawa masana akhale atabweza yunifolomu. Alamu anali pamzere womwewo, akuyang'ana pakamwa pa kapitawo. Panalibe wowabwerezera ndi manja.

Amene anawauza alamu ndi achemwali madzulo ake, mkazi wa a Dalaiva atabwera kudzalira kukhitchini. Tsoka la nyumba ya achemwali ndi lakuti chinsinsi chimayenera kukuwidwa, ndiye mzere wonse wa nyumba unamva.

“Akuti a Dalaiva akuwachotsa mawa! Chifukwa cha inu! Mwamva?”

“Ndamva.”

“Ndiye mutani?”

Alamu anapempha kuti awasitire malaya awo oyera a pa perete.

Kutacha anafika pakhonde panga asanawoloke msewu. Anandipatsa malayawo akuti batani likugwedera. Batanilo linali lolimba kuposa ukwati wa anthu ambiri, komabe ndinalidula n'kulisokanso, pang'onopang'ono. Iwo anakhala pabenchi atavala vesiti, akuyang'ana galimoto yofiira ija, anyamata akuitsuka.

“Alamu,” ndinatero nditawagwira pabondo kuti andiyang'ane, “lero mwatchena ngati mukukafunsira. Achemwali ndiwauze?”

“Kawauzeni. Mwina angapume.”

“Mukukanena?”

Anayang'ana pakamwa panga nthawi yaitali.

“Mpando wanga uja wa pa galimoto,” anatero, “uli ndi sipuling'i imene imabaya. Ndakhala ndikunena kuti akonze.”

Anavala malaya, anamanga mabatani onse mpaka pakhosi, n'kuwoloka.

Windo la ofesi linali lotsegula, ndipo munthu wosamva sadziwa kukula kwa mawu ake. Ndinangoimitsa makina basi, sindinachite kusuntha.

“Bwana, hutala ija sindinaimve. Belu sindilimva. Inuyo panopa ndikungoona pakamwa.”

Kapitawo ananena kanthu chapansipansi.

“Mwati?”

“Ndati kuyambira liti?”

“Kalekale.”

“Anzanuwa amadziwa?”

“Awa? Sadziwa kanthu, bwana. Ndi mbuli zokhazokha. A Dalaiva okha ndiwo anaganiza mwamwayi dzana lija.”

Pabwalo anyamata anali atasiya kutsuka galimoto, madzi akungotayika. Kapitawo anabwera pawindo, anawayang'ana onse mmodzimmodzi, anayang'ananso ine kutsidya kuno, n'kutseka windolo.

Zotsatira zake sizinachedwe. Anawatumiza kuchipatala chachikulu, kumene amakutsekera m'kachipinda kopanda windo loti mnzako apukute. Adokotala anati khutu lamanzere linapita kale, lamanja likulongedza. Pa galimoto anawatsitsa. Ntchito sanawachotse, kapitawo anawamenyera nkhondo, n'kuwapatsa za kuseri: kutsuka mapaipi, kuwayanika pansanja, kudzaza mabotolo a mpweya, kutsegula ndi kutseka geti. A Dalaiva anangodzudzulidwa, akuyendetsabe. Chipewa cha alamu anachipachika m'chipinda chosungira katundu, pamodzi ndi zina zodikira mitu yatsopano.

A Wailesi anabwerako tsaya litaphwa, atamva kale zonse. Tsiku lonse loyamba sanalankhule ndi munthu, mpaka anyamata anayamba kuopa. Lachiwiri anapita kuseri, kumene alamu anali atagwada ndi bulashi, anaima patsogolo pawo n'kuyamba kukuwa.

“Dzino limodzi! Ndikusiye tsiku limodzi chifukwa cha dzino, iwe n'kukagona m'moto ngati mbatata!”

“Akanakuzula lilime, dzino analakwitsa.”

“Nkhalamba yopusa! Sunaone kuti kumbuyo kwapepuka?”

“Ndinaona. Ndinayesa Mulungu wandiyankha, wasiya kulankhula.”

A Wailesi anatukwana mawu amene sindingalembe pano, anavula malaya, anagwada n'kugwira mbali ina ya paipiyo. Anatsuka limodzi mpaka nthawi ya tiyi.

Ndi a Dalaiva sanakambiranepo za tsikulo, ngakhale zikomo, ngakhale pepani. Patapita masiku alamu anangowaimitsa pa geti n'kunena kuti, “Kolala ija ndinang'amba, kaisiyeni kwa mlamu wanga.” A Dalaiva anabwera nayo. Ndinaisoka, ndipo musandifunse kuti analipira ndani.

Kunyumba achemwali akuti tsopano akugona tulo, koma mwamuna amene anabwerera kwa iwo sakudziwa pomuika. Amafika nthawi yake, malaya oyera, osanunkha utsi. Anayesa kumupatsa ntchito yokonza chitseko cha bafa, anakonza, n'kukhalanso pansi. Anamugulira kamakina koika m'khutu, anavala masiku ochepa, akuti dziko lachuluka phokoso lopanda pake, n'kukaika m'kabati.

Pampando wakumbuyo kwa dalaiva pamakhala a Ndevu tsopano, ndipo a Wailesi anawasunthira kutsogolo kwa paipi. Galimoto ikamatuluka, alamu amatsegula geti, amaima pakati pa msewu n'kuimitsa maminibasi ndi dzanja limodzi. Ikadutsa amatseka geti, n'kutolera makapu a tiyi amene anzawo asiya osamaliza. Kenako amakhala pa chitini chakale cha penti pafupi ndi geti, manja pamaondo. Ndikawakodola kuti bwerani mudzakhale pamthunzi, amakweza dzanja, osasuntha.

Galimoto ikabwerako, amayang'ana aliyense amene akutsika, mpaka womaliza. Anyamata amawatulira mapaipi amatope patsogolo. Iwo amanyamula imodzi n'kuinunkhiza.

“Mafuta ophikira.”

A Wailesi amagwedeza mutu kuvomera.

“Nyumba ya anthu?”

Amavomeranso.

“Onse anatuluka?”

Masiku ambiri a Wailesi amakweza chala chachikulu n'kuyamba nkhani yawo yosatha, manja akuuluka uku ndi uku. Masiku ena amangovula jombo n'kulowa m'kati. Alamu safunsanso kachiwiri. Amakokera paipi ija kuseri, amatsegula mpopi, n'kuyamba kutsuka kuchokera kukamwa kwake.